MSEU TIUFUNA, KOMA MADZI SAIWALA KHWAWA

Abale ndi alongo a mu Nabvutika, a ku Mchini, a ku Magazine, a ku Kapata, ndi inu nonse amene mulawira m'mamawa kupita ku nchito muno mu Chipata, lero tifuna kukamba nanu nkhani ya mseu ndi dambo. Ena adzati nkhani imeneyi ndi ya anthu a m'maofesi, ife tifuna nsima. Ife tikuti iai. Nkhani imeneyi ndi ya nsima yomweyo, ndi ya madzi akumwa, ndiponso ya nyumba imene mugonamo ndi ana anu.

Tiyambe ndi kunena poyera kuti mseu tiufuna. Inu amene mupalasa njinga mutanyamula munthu kapena thumba la makala mudziwa mantha amene agwira munthu pamene lole yaikulu ipita pafupi ndi phewa lace. Inu amai amene mudutsa mseu ndi dengu pamutu popita ku Saturday Market mudziwanso. Mseu wopapatiza udya anthu, ndipo udya osauka koposa, pakuti ndiwo ayenda pansi.

Miseu yakula kale m'dziko lathu. M'caka ca 2012 President Michael Sata anayambitsa nchito ya miseu imene anaicha Link Zambia 8000. Kuyambira 2013 mseu wa Great East Road unamangidwanso kucokera pa mlatho wa Luangwa kufikira ku malire a Mwami, mtunda wa makilomita 360, ndi ndalama za European Union, European Investment Bank, African Development Bank ndi ena, kuti katundu aziyenda bwino kupita ku doko la Nacala. M'caka ca 2017 Chipata inakwezedwa kukhala mzinda. Mu December 2022 anatsegula cipata catsopano ca pamalire a Mwami ndi Mchinji, kuti malole asacedwe. Munthu wa maso aona yekha kuti malole adzacurukabe, ndi kuti kukuza miseu sikunathe. Kwayamba cabe.

Cotero funso lathu si lakuti tisankhe mseu kapena dambo. Funso lathu ndi ili: pamene mseu uti ukule ndi kupita pa dambo, kodi afunsidwa ndani, afunsidwa liti, ndipo afunsidwa m'cinenero canji?

DAMBO NDI NKHOKWE YA WOSAUKA

Munthu wojambula mapu ali mu ofesi akaona dambo ayesa kuti ndi malo acabe. Palibe nyumba zakuti agwetse, palibe sitolo yakuti alipire, ndi udzu ndi acule basi. Cifukwa cace dambo ndilo likhala loyamba kuperekedwa nsembe, pakuti pa pepala lioneka lochipa. Koma ife amene tikhala pafupi nalo tidziwa mtengo wace.

Mudzi wathu uli pakati pa mapiri, ndipo makomboni ambiri ali m'munsi mwace. Mvula ikagwa pa Kanjala ndi mapiri anzace, madzi atsika ndi liwiro. Akafika pa dambo apeza malo athyathyathya, apeza udzu ndi bango, ndipo afooka. Afalikira, alowa pansi, asiya mcenga ndi matope pomwepo. Dambo ligwira madzi monga bulangete lonyowa, ndipo pamene minda ya kumtunda yauma gwaa m'mwezi wa October, pa dambo munthu akumba pang'ono cabe napeza madzi.

Repu, matimati, anyezi, nzimbe, nthoci ndi cimanga caciwisi zimene mugula pa msika wa Kapata m'cirimwe, kodi muyesa zicokera kuti? Zambiri zicokera m'madimba. Mai wamasiye amene alipirira ana sukulu ndi ndiwo zamasamba alibe buku la ku banki. Banki yace ndi dimba. Pa 29 February 2024 President Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Cimanga ca m'minda cinapsa, magetsi anasowa cifukwa madzi anacepa ku Kariba. Kodi amene anali ndi kamunda pa dambo ndi amene analibe anagona ndi njala yofanana? Yankhani nokha.

Ndipo madzi a m'mipopi yathu acokera m'madamu a pa Lutembwe. Mcenga umene dambo silinaugwire suthera m'malere. Utsika ndi mtsinje, nukakhala pansi pa damu, ndipo damu lodzala mcenga lisunga madzi ocepa. Munthu wa mu Nabvutika amene aima pa mzere wa madzi ndi cigubu m'manja ali ndi mlandu ndi dambo, ngakhale sanalimepo dimba ciyambire.

MSEU UCITA CIANI PA DAMBO

Tiyeni tione bwino cimene cicitika, kuti tikaima pa msonkhano tisangopfuula, koma tilankhule monga anthu odziwa.

Coyamba, mseu sungagone pa matope. Omanga acotsa dothi lakuda la dambo, nathira miyala ndi dothi lina, nalipondereza mpaka lilimbe, nakweza mseu pamwamba. Cimene amanga pamenepo ndi khoma lodula dambo pakati. Madzi amene anali kuyenda ofalikira, pamwamba ndi pansi pomwe, tsopano ayenera kupita m'mipaipi ing'ono imene tiicha makalavati. Makalavati akacepa, kapena akatsekeka ndi mcenga ndi mapulasitiki, madzi abwerera kumbuyo nalowa m'nyumba ndi m'madimba a kumtunda. Kumunsi nako aturuka pamalo amodzi ndi mphamvu yonse, nakumba cigwembe. Cigwembe cikazama cikoka madzi a dambo monga ngalande, ndipo zitsime za pafupi ziphwa msanga. Motero mseu umodzi umiza a kumtunda ndi kuumitsa a kumunsi.

Caciwiri, phula silimwa madzi. Tiyeni tiwerengere pamodzi, pakuti masamu awa safuna digiri. Mseu wa mamita 7 m'lifupi ukakuzidwa kufika mamita 14, pa kilomita imodzi aonjezapo malo a phula okwana masikweya mita 7,000. Mvula ya mamilimita 50, imene itha kugwa madzulo amodzi m'dzinja, ithira malita 50 pa sikweya mita iri yonse. Ndiye kuti malita 350,000, kapena madiramu 1,750 a malita 200, pa kilomita imodzi yokha, madzulo amodzi okha, ndipo pafupi-fupi onsewo athamangira m'ngalande. Kodi ngalandeyo ikatha, madziwo apita pakhomo pa yani? Sapita ku mayadi. Apita kumene kuli kotsika, ndipo kotsika ndiko kukhala ife.

Cacitatu, dothi lokwezera mseu likumbidwa pena pace. Maenje amene atsala akapanda kukwiriridwa adzala madzi, nasanduka nyumba za udzudzu ndi misampha ya ana. Cacinai, pa msasa wa omanga pali mafuta, phula ndi simenti, ndipo zikatayika pafupi ndi mtsinje zilowa m'madzi amene tithirira ndiwo.

Tsono kumbukirani kuti m'makomboni zimbudzi zathu ndi za maenje, ndipo zitsime ziri pafupi nazo. Madzi osefukira asakaniza zonse. Kuyambira October 2023 kufikira m'kati mwa 2024 kolera inapha anthu oposa 700 m'Zambia, ambiri a iwo m'makomboni a Lusaka. Kalavati yocepa si nkhani ya mainjiniya okha. Ndi nkhani ya maliro.

LAMULO LITI CIANI

Makolo athu sanali kufunsidwa. Atagonjetsedwa Mpezeni m'caka ca 1898, dziko lalikulu la kuno linakhala m'manja mwa kampani ya North Charterland, ndipo anthu anapanikizidwa m'malo ocepa kufikira nthaka inaguga. Pomanga damu la Kariba, Atonga okwana 57,000 anasamutsidwa m'cigwa ca Zambezi, ndipo m'caka ca 1958 apolisi anaombera ndi kupha anthu 8 ku Gwembe amene anakana kucoka. Umo ndimo nchito zazikulu zinali kuyendera: mapu ajambulidwa kutali, eni dziko amva pamene malole afika.

Lero kuli lamulo, ndipo ndi bwino kuti munthu wanchito ali yense alidziwe. M'caka ca 2011 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo losamala cilengedwe, Environmental Management Act, limene linakhazikitsa bungwe la ZEMA m'malo mwa Environmental Council of Zambia. Lamuloli linena kuti munthu ali yense wokhala m'Zambia ali ndi ufulu wa kukhala pamalo aukhondo, osaopsa ndi osadwalitsa. Linenanso kuti nchito imene ingaononge malo isayambe popanda cilolezo colembedwa ca ZEMA. Ndipo pa madambo linena mosabisa kuti munthu asakwirire dambo, asaliumitse, asathiremo zoononga, popanda cilolezo colembedwa. Caka comweco panabweranso lamulo la madzi, limene linabala bungwe la WARMA, loyang'anira mitsinje ndi kupereka zilolezo za kupatutsa kapena kuchinga madzi. M'caka ca 2018 Boma linaturutsa mfundo zace za kasamalidwe ka madambo m'dziko lonse. Miseu ikulu-ikulu iri m'manja mwa Road Development Agency, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la miseu la 2002. Taonani, bungwe la Boma lomanga miseu liyenera nalonso kupempha cilolezo kwa bungwe lina la Boma. Si cisomo ai. Ndi lamulo.

Njira ya kufufuza inaikidwa m'malamulo a 1997. Malamulowo anagawa nchito pawiri. Nchito yocepa inafunika kalata yaifupi yofotokoza zimene zidzacitika ndi mmene adzacepetsera zoipa, ndipo nchito ya pa dambo kapena pafupi nalo inaikidwa m'gulu lofunika kalata yotere ngakhale ikhale yaing'ono. Nchito yaikulu inafunika kufufuza kwathunthu ndi buku lace, ndipo m'gulu limeneli anaikamo kumanga kapena kukonza kwakukulu kwa mseu wopitirira makilomita 10 kunja kwa mizinda. Ndipo imvani ici, pakuti ndico cida canu: malamulowo anati mwini nchito alengeze za nchito yace m'cinenero cimene anthu a pamalopo amva, kwa masiku osacepera 15, ndipo pambuyo pace acite misonkhano ndi anthu amene nchitoyo idzawakhudza, ndi kulemba mau ao m'bukulo. Anatinso nchito ikatha pakhale kuyendera, kuona ngati malonjezo anasungidwa.

Pepala limeneli ena aliyesa copinga. Ife tiliyesa khomo. Ndilo khomo lokha limene wopalasa njinga, wogulitsa matimati ndi mlonda wa usiku angalowerepo ndi kuuza injiniya kuti, Bwana, madzi apita apa.

PAMENE KHOMO LITSEKEKA

Koma khomo likhoza kukhalapo, munthu nalephera kulowa. Tichule njira zimene litsekekera, kuti mukaziona muzizindikire.

Buku la kufufuza lilembedwa m'Cingerezi ca akatswiri, ndipo likhala lonenepa ngati mtolo wa nkhuni. Liikidwa mu ofesi kapena pa intaneti. Kodi mai wa dimba adzalitsegula ndi ciani? Lamulo likati anthu auzidwe m'cinenero cao, ndiye kuti kuno auzidwe m'Cinyanja, pa wailesi imene amvera ndi pa cipupa ca msika, osati m'kangodya ka nyuzipepala ya ku Lusaka.

Msonkhano ukhoza kuitanidwa pa hotela, tsiku Laciwiri, nthawi ya 10 koloko m'mawa. Nthawi imeneyo munthu wanchito ali kuti? Ali pa nchito, ndipo akacoka adulidwa malipiro. Pamapeto alemba kuti anthu anabvomera, cikhalireco amene anabvomera ndi amene madzi sadzafika pakhomo pao.

Wofufuza alipidwa ndi mwini nchito. Sitinena kuti onse ndi onama, iai. Koma mwana wa munthu adziwa dzanja limene limdyetsa. Ndipo akabwera m'mwezi wa September, napeza dambo louma pamwamba ndi ng'ombe zirikudya, adzalemba ciani? Dambo liyenera kuonedwa mu February, pamene lionetsa mphamvu zace.

Nchito yaikulu ikhoza kudulidwa zidutswa-zidutswa, kuti ciri conse cioneke caching'ono ndi kupulumuka kufufuza kwathunthu. Koma madzi sadziwa zidutswa. Kwa iwo mseu ndi umodzi.

Ndipo pali bvuto la madambo ang'ono. Maiko anapangana ku Ramsar, m'dziko la Iran, m'caka ca 1971, kuti asamale madambo, ndipo Zambia inalowa m'panganoli mu 1991. Tiri ndi malo 8 olembedwa m'kaundula wace, monga Kafue Flats, Bangweulu, Lukanga ndi zigwa za Luangwa. Mu July 2025 maiko a panganoli anasonkhana ku Victoria Falls, ku Zimbabwe. Zonsezi nzabwino. Koma madambo a m'mbali mwa Lunkhwakwa ndi Lutembwe sali m'kaundula ameneyo, alibe alendo odzajambula mbalame, alibe wowalankhulira ku misonkhano ya maiko. Wowalankhulira ndinu. Ndipo madzi a Luangwa wochukayo acokera kuti, ngati si m'timadambo ndi timitsinje tonga tathu tomweti?

ZIMENE ANZATHU ANAONA

Tisayese kuti kulankhula kulibe phindu. Taonani kwa anansi athu ku Lilongwe. M'caka ca 2021 anayamba kukuza mseu wa Kenyatta kuti magalimoto aziyenda m'mizere 6. Mitengo ya m'mbali mwa mseu, imene inapatsa anthu mthunzi zaka zambiri, inayamba kugwa. Anthu anadandaula kwambiri, ndipo bungwe losamala cilengedwe la m'dzikolo, MEPA, linalowererapo ndi kulamula kuti kudulako kuime. Koma mtengo wogwa sudzukanso ndi kalata. Phunziro lace ndi ili: kufufuza kukabwera pambuyo pa nkhwangwa, kwasanduka cipepeso cabe, ndipo pepani sapoletsa cironda.

Taonaninso nkhalango ya Forest 27, kum'mawa kwa Lusaka, kumene kucokera mtsinje wa Chalimbana. M'caka ca 1983 inacotsedwa pa mndandanda wa nkhalango zosungidwa, ndipo mtsinje unayamba kubvutika. Anthu a m'mbali mwace analemba kalata ya madandaulo, nasainapo ambiri, ndipo mu 1996 nkhalango inabwezedwa. Kuyambira 2017 mbali zina zinacotsedwanso kuti pamangidwe nyumba, ndipo nkhaniyo inakafika ku makhoti. Apa tiphunzira ziwiri: kuti siginecha za anthu wamba zitha kutembenuza Boma, ndi kuti cimene mwapambana lero muyenera kucilondabe mawa.

Ndipo ku Lower Zambezi, ZEMA inakana mgodi wa mkuwa m'nkhalango ya nyama m'caka ca 2012. Mu 2014 nduna inagwetsa ciganizo cimeneco. Anthu sanatope, milandu inayenda zaka zambiri, ndipo mu 2023 cilolezo ca mgodiwo cinafafanizidwa. Ngati pepala la ZEMA linakhoza kuimitsa mgodi, kodi lingalephere kukulitsa kalavati?

KWA AMENE ATI TICEDWETSA CITUKUKO

Alipo amene adzati, anthu awa afuna acule m'malo mwa citukuko. Tiwayankhe mwaulemu. Masiku 15 a kulengeza ndi misonkhano iwiri kapena itatu, kodi zifanana ndi zaka 20 za kukapa madzi m'nyumba dzinja liri lonse? Kusintha mzere pa pepala kudya inki. Kuphwanya mseu womangidwa kale kuti muikemo kalavati yaikulu kudya mamiliyoni. Ndipo mseu womangidwa pa dambo popanda njira ya madzi sukhalitsa: madzi alowa pansi pace, phula ling'ambika, maenje abadwa. Ndalama zambiri za miseu ndi ngongole, ndipo ngongole ya dziko ibwezedwa ndi msonkho wa inu ndi ife. Kuthamanga si kufika. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani ya miseu mwambi umenewu wagwa pace peni-peni.

Alipo enanso, pakati pa ife tomwe, amene aopa mau akuti kusamala dambo. Akumbukira zimene anamva kwa makolo za malamulo a malimidwe a m'zaka za m'ma 1950, pamene anthu analipitsidwa, ndipo ku Nyasaland ambiri anamangidwa, cifukwa ca migula ndi kulima m'mbali mwa mitsinje. Mantha amenewa tiwamvetsa. Coipa ca malamulo aja cinali cakuti anabwera ndi cikoti, osafunsa, ndipo analuma wosauka yekha. Cimene tikana ife ndi comweco. Lamulo limene lithamangitsa nkhalamba ya khasu pa dambo, koma libvulira cipewa katapila, si lamulo ai. Ngati dambo ndi lopatulika kwa wa khasu, likhalenso lopatulika kwa wa makina ndi kwa wa ndalama amene afuna kukwirirapo ndi kumanga malo ogulitsira mafuta.

Koma tinenenso zoona za kwathu. Munthu amene agula poloti pakati pa dambo, nathira zinyalala ndi zidutswa za njerwa kuti amange, acita cimodzi-modzi ndi mseu woipa: atumiza madzi kwa mnansi wace. Amene ataya mapulasitiki m'ngalande atseka kalavati ndi manja ace. Amene ameta phiri mpala aonjeza liwiro la madzi. Tidziwa kuti ambiri acita izi cifukwa ca kusowa malo ndi kusowa nchito, ndipo mankhwala ace ndi mapoloti a pamtunda amene wosauka angakwanitse. Komabe sitingapite ku msonkhano kukaloza cala injiniya pamene zala zitatu ziloza ife.

ZIMENE TIFUNA

Cotero, pa mseu uli wonse umene udzakuzidwa muno mu Chipata ndi m'madera ozungulira, kaya wopita ku Mwami, ku Lundazi, ku Mfuwe kapena ku Chadiza, kaya wa m'kati mwa mzinda, tifuna izi:

1. Cilolezo ciyambe, katapila atsate. Kalata ya ZEMA pamodzi ndi malamulo onse olembedwamo ipacikidwe poyera, pa msasa wa omanga ndi pa ofesi ya khonsolo, kuti ali yense aiwerenge.

2. Mitu ya buku la kufufuza imasuliridwe m'Cinyanja, iwerengedwe pa wailesi, ndipo mapu oonetsa kumene madzi adzapita aikidwe pa misika.

3. Misonkhano icitikire m'komboni momwemo, pa sukulu kapena pa bwalo, Loweruka masana kapena pa Sabata anthu ataturuka m'machalichi. Amai a madimba apatsidwe nthawi yao ya kulankhula, pakuti ndiwo adziwa dambo koposa.

4. Ofufuza aone dambo m'dzinja, ndipo ayende ndi akulu a pamalopo amene akumbukira pamene madzi anafika m'zaka za mvula yambiri.

5. Pamene mseu ungalambalale dambo, ulambalale. Pamene sungathe, pakhale mlatho kapena makalavati ambiri ndi akulu, ndipo ngalande iperekezedwe mpaka ku mtsinje, isathere pakhomo pa munthu.

6. Dimba liwerengedwe monga cuma. Amene ataya dimba alipidwe asanayambe nchito, ndipo malipiro ayang'ane zokolola za zaka zakutsogolo, osati mitengo ya nthoci yokha imene iri pomwepo.

7. Maenje onse akwiriridwe omanga asanapatsidwe ndalama zao zomariza.

8. Kuyendera kwa pambuyo kucitike mvula itagwa, pamodzi ndi anthu a m'komboni, ndipo zopezeka zilengezedwe.

Palibe cimodzi mwa izi cimene ciletsa mseu. Zonse zicititsa mseu kukhala wabwino ndi wokhalitsa.

NCHITO YA INU NDI IFE

Tsopano, abale, lamulo silidziyendetsa lokha. Liri ngati njinga: likapanda wopalasa ligwa. Mukaona anthu a zipewa zolimba alikuyesa malo ndi kukhoma zikhomo, kapena kulemba zizindikiro zofiira pa zipupa, musadikire. Pitani kwa khansala wanu ndi ku komiti ya citukuko ya m'wadi mwanu, mukafunse mafunso atatu: Kodi cilolezo ca ZEMA cilipo? Kodi msonkhano wa anthu udzacitika liti, ndipo kuti? Kodi madzi adzapita kuti? Musapite mmodzi-mmodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Pitani khumi, pitani makumi awiri, mwaulemu ndi mwamtendere.

Lembani madandaulo anu pa pepala, ikanipo tsiku, sainani, ndipo sungani pepala lina lofanana nalo. Mau a pakamwa auluka ndi mphepo, koma kalata ikhala m'faelo. Inu anyamata ndi atsikana amene muli ndi mafoni, jambulani dambo lanu m'dzinja lino, jambulani pamene madzi afika pa cipupa, jambulani zitsime ndi madimba. Tsiku lina munthu adzanena kuti pano panalibe dambo, ndipo cithunzi canu cidzamyankha. Inu aziphunzitsi ndi makalaliki amene mudziwa Cingerezi, werengerani anansi anu mabuku amenewa. Maphunziro anu ndi a mudzi wonse.

Komboni yathu inapatsidwa dzina lakuti Nabvutika, ndipo amene anaicha sanali kuseka. Koma dzina si lamulo lakuti tibvutike mpaka muyaya. Mwana wosalira afera mu mbereko. Mseu ubwere, ukule, ukhale ndi njira ya njinga ndi ya oyenda pansi, unyamule nyemba, fodya ndi nshawa zathu mpaka ku nyanja. Koma usanafike pa dambo uime, eni ace afunsidwe m'cinenero cao, ndipo madzi apatsidwe njira yao. Pakuti mukapanda kuwapatsa adzaitenga okha, ndipo adzaitenga usiku, kupyola m'nyumba ya munthu wosauka.